Galimoto ikumwa mafuta ili chiimire? Yambirani apa musanapite kwa makaniko

Pa mzere wa mafuta mumaoneka zinthu. Munthu wafika m'bandakucha, singano ya mafuta yagona pansi, koma injini ikulira, magalasi atsekedwa, AC ikupemerera, wailesi ikuimba. Pofika masana timafuta tomwe amadalira kuti timufikitse pa pampu tatha, anyamata ayamba kukankha. Sindikuseka munthu, inenso ndinakankhidwapo.

Injini ikamalira galimoto ili chiimire, komwe amakaniko amati idling, imamwa mafuta osakufikitsani kulikonse. Galimoto yaing'ono ngati Vitz, Demio kapena Fit imatha pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa ola, ndipo mukayatsa AC zimaposa pamenepo. Koma idling ili ndi ntchito inanso: ndi pamene injini imaulula matenda ake. Pa msewu liwiro limabisa zambiri. Ikaima n'kumalira yokha, chilichonse cholakwika chimamveka. Choncho musanagule chitsulo chilichonse, tsatirani izi, kuyambira zosafuna ndalama.

Gawo loyamba: yezani kaye

Ambiri timangoti "ikumwa kwambiri" chifukwa ndalama zikutha msanga, pomwe mwina ndi mtengo wa petulo womwe wakwera. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, osawauza kuti awonjezere kapena kugwedeza galimoto. Bwezerani kawerengero ka makilomita a ulendo pa 0. Yendani monga mwa masiku onse. Mukadzazanso, lembani malita omwe alowa, ndipo gawani makilomita ndi malitawo. Mwayenda makilomita 360, alowa malita 30, ndiye kuti lita imodzi ikukuyendetsani makilomita 12.

Kudzaza thanki si kwa aliyense, makamaka nthawi imene akugawa mafuta moyeza. Zikatero, yambani kulemba singano ili pa mzere wina wodziwika, mwachitsanzo pa kota. Lembani malita onse omwe mukuthira kwa milungu iwiri kapena itatu, ndipo mutseke masamu singano ikafikanso pa mzere womwewo. Lembani malita, osati makwacha.

Musadziyerekeze ndi manambala omwe munaona pa intaneti poitanitsa galimoto ku Japan. Amene aja amayezedwa galimoto ili yatsopano, pa makina, popanda mabampu, fumbi kapena matumba a chimanga. Komanso petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, zomwe zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, ndipo ethanol ali ndi mphamvu yocheperapo kuposa petulo. Nambala yothandiza ndi ya galimoto yanu yomweyo: ya lero poyerekeza ndi ya mukakonza.

Gawo lachiwiri: imvetsereni m'mawa

Ilizeni itagona usiku wonse, AC, magetsi ndi wailesi zili zozimitsa, phazi lili kutali ndi moto. Ngati ili ndi geji ya rpm, yosonyeza kuti injini ikuzungulira kangati pa mphindi, yang'anani pamenepo. Injini yozizira imayamba mokweza, pa 1,200 mpaka 1,500, ndipo palibe cholakwika. Ikamatentha imatsika pang'onopang'ono n'kukhazikika pakati pa 600 ndi 900. Ma Probox, Passo ndi Vitz ambiri alibe geji imeneyi, ndiye khutu ndilo ligwire ntchito: kulira kuyambe kokweza, kenako kudekhe, kukhale kofanana.

Ikatentha, yatsani AC. Imve kulemedwa pang'ono, kenako idzikweze yokha. Ngati ndi yosintha magiya yokha, pondani buleki, ikani pa D, dikirani, kenako bwezerani pa N. Tsopano onani kuti yanu ili m'gulu liti.

Ngati ikulira mokweza ngakhale yatentha, kapena ikukwera ndi kutsika yokha ngati wina akuseweretsa moto, kawirikawiri ndi mpweya womwe ukulowera pamalo olakwika, kapena injini sikufika pa kutentha kwake. Ngati ikutsika kwambiri n'kumafuna kuzima pa roboti, ganizirani throttle body, khomo lolowera mpweya m'injini, kuti mwina yada. Ngati ikumisa, thupi lonse likudumpha ndipo ku ekizozi kukumveka "phu, phu, phu", yang'anani mapulagi ndi makoyilo, omwe amapereka magetsi ku mapulagiwo.

Pali kunjenjemera kwina komwe si vuto la injini. Kulira kuli kofanana bwinobwino, koma pa D chiwongolero ndi mpando zikunjenjemera, mukabwezera pa N zasiya: awo ndi mamaunting'i, malabala omwe injini imakhalapo, atopa. Ndipo injini ya masilinda atatu, ngati 1KR ya mu Vitz ndi Passo, imanjenjemerako mwachibadwa. Anthu amataya ndalama kuchiza chinthu chomwe sichikudwala.

Gawo lachitatu: tsegulani boneti, injini ili yozimitsa

Yambani ndi fyuluta ya mpweya. Itulutseni, muiyang'anitse ku dzuwa. Ngati kuwala sikukudutsa, gulani ina. Fumbi la mwezi wa September ndi October limaitseka msanga kuposa mmene buku la galimoto limanenera. Kuipopera ndi mpweya wa kompuresa ku malo otsukira galimoto kumatha kuboola pepala lake, fumbi n'kumalowa mwaufulu.

Kenako tsatirani paipi yaikulu yakuda yochoka pa bokosi la fyuluta kupita ku injini. Ili ndi makwinya, ndipo imang'ambikira m'kati mwa makwinyamo, nthawi zambiri kunsi komwe diso silifika. Ipindeni ndi dzanja uku ndi uku. Onaninso timapaipi ting'onoting'ono ta labala tozungulira injini: kena kakhoza kukhala kovuka, kouma kapena kosweka kumapeto. Mpweya wolowera pamenepo kompyuta ya galimoto siuwerenga, ndiye imasokonezeka pothira mafuta. Mukailiza, malo otere amamveka "tsiii". Pomvetsera, sungani manja, zovala ndi tsitsi kutali ndi lamba, ndipo fani ya redieta imatha kuyamba yokha osachenjeza.

Gawo lachinayi: mapulagi ndi makoyilo

Dikirani injini izizire. Chotsani makoyilo, masulani mapulagi, muwandandalike pa nsalu monga mwa masilinda ake kuti musawasokoneze. Nsonga yotuwa kapena yofiirira pang'ono ndi yabwino. Yakuda ndi mwaye wouma ikutanthauza kuti mafuta akuchuluka. Yonyowa ndi oyilo ikunena za oyilo wolowa m'silinda, ndipo imeneyo ndi nkhani ya makaniko. Yoyera mbee ndi chizindikiro choti mafuta akuchepa kapena mukutentha kwambiri. Pulagi imodzi ikasiyana ndi anzake, vuto lili pa silinda imeneyo.

Mapulagi wamba amatha pa makilomita 20,000 mpaka 30,000, a iridium amafika cha pa 100,000. Koma abodza olembedwa maina otchuka adzaza pamsika, ndiye iridium wotchipa modabwitsa mumukayikire. Eni Honda Fit yakale ya injini ya i-DSI adziwe kuti mapulagi ake ndi 8, awiri pa silinda iliyonse. Anayi akumbuyo ndi obisika, ndipo amaiwalika kwa zaka, mwini n'kumadabwa kuti wasintha mapulagi koma ikumisabe. Pobwezera, yambani kumanga ndi zala, sipanala ibwere pomaliza. Mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, mazinga ake sachedwa kuphwanyika.

Kupeza koyilo yakufa n'kosavuta. Injini ikulira, zulani pulagi ya mawaya ya koyilo imodzi kwa kanthawi kochepa, kenako bwezerani. Kulira kukasintha, silinda imeneyo ikugwira ntchito. Pomwe mwazula koma palibe chasintha, ndi pamenepo. Zimitsani, sinthanitsani koyiloyo ndi ya silinda ina, yesaninso. Vuto likasamuka nayo, gulani koyilo imodzi yokhayo, osati zonse.

Gawo lachisanu: throttle body ndi sensa ya mpweya

Throttle body ndi khomo lomwe mpweya umalowera m'injini, pamene paipi yaikulu ija imathera. M'kati muli kachitseko kozungulira. Pa idling kamangosiya kampata kochepa kwambiri, ndiye litsiro lakuda likamatirira m'mbali, mpweya umachepa, injini n'kumabanika.

Gulani mankhwala opopera otsukira throttle body. Kiyi atachotsedwa, masulani paipi, poperani pa kansalu koyera, pukutani m'mbali ndi pa kachitseko mpaka chitsulo chioneke. Ngati pali waya wochokera ku phazi la moto, mukhoza kutsegula kachitsekoko ndi dzanja. Galimoto zotere zimakhalanso ndi kavavu ka idling pambali, komwe nako kamada n'kumakakamira. Ngati palibe waya, pali pulagi ya magetsi yokha, kachitsekoko kamayendetsedwa ndi kamota: musakakankhe mwamphamvu, ndipo musamize mbali ya magetsiyo m'mankhwala.

Mukamaliza, musadabwe ikalira mokweza. Kompyuta inazolowera khomo lothina, ndiye iyenera kuphunziranso. Isiyeni ilire itatentha kwa mphindi ngati 10 zonse zili zozimitsa, kenako yendani nayo masiku angapo. Zomwezi zimachitika mukachotsa batire. Ma Nissan ambiri, monga Note ndi Tiida, amafuna kuwaphunzitsanso idling mwa ndondomeko yake kapena ndi makina, ndiye ngati yanu ndi imeneyo konzekeranitu.

Pafupi ndi bokosi la fyuluta, pa galimoto zambiri, pali sensa yoyeza mpweya, ya MAF, yomangidwa ndi tizomangira tiwiri. M'kati mwake muli timawaya topyapyala ngati tsitsi. Imafuna mankhwala akeake olembedwa MAF. Poperani chapatali, isiyeni iume yokha, osaikhudza ndi nsalu, burashi kapena chala. Petulo ndi mankhwala a kabuleta amaiwononga.

Wina akakuuzani kuti "tingokweza idling pang'ono, isiya kuzima", kanani. Kumeneko n'kuphimba bala ndi nsalu, ndipo mudzalipira pa pampu tsiku lililonse.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: thermostat ilimo?

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndinapsa. Ndinagula Probox kwa munthu, ya injini ya 1NZ, yooneka bwino, yosatulutsa utsi. Koma inkamwa ngati minibasi. Ndinasintha mapulagi, fyuluta, oyilo, osaona kusintha. Tsiku lina mu June ndikudutsa ku Dedza m'mawa, pa mtsetse, kanyali kabuluu kosonyeza kuti injini ndi yozizira kanayakanso, chonsecho ndinali nditayenda kuchokera ku Lilongwe. Titamasula pomwe paipi ya redieta imalowera m'injini, tinapeza m'kati muli mbee, thermostat mulibe.

Makaniko yemwe ankandithandiza sanadabwe n'komwe. "Bwana, zimenezo timachotsa. N'za ku Japan kozizira, kuno zimangotenthetsa injini."

"Nanga achimwene, zomwe zimayenda ku Dubai amazichotsanso?"

Anaseka, nati ngati ndikufuna kutaya ndalama ayika.

Maganizo amenewa ndi ofala, koma ndi olakwika. Ku Japan nako kumatentha, ku Tokyo mu August kumapitirira madigiri 30. Thermostat ndi kavavu komwe kamatseka madzi kuti asapite ku redieta mpaka injini itatentha. Pa ma Toyota ambiri kamayamba kutseguka cha pa madigiri 82, ndipo injini imagwira bwino ntchito cha pa 85 mpaka 95. Mukakachotsa, madzi amazungulira nthawi zonse, injini imachedwa kutentha, pa mtsetse ndi usiku imaziziranso. Kompyuta ikaona kuzizira imawonjezera mafuta ndi kukweza idling, monga imachitira m'mawa, koma tsopano kwa nthawi yaitali. Mafuta otsalawo amadetsa mapulagi, ena amatsikira mu oyilo n'kumusungunula.

Galimoto ikamatentha mopitirira, chifukwa chake chimakhala redieta yotsekeka, fani yakufa, chivindikiro cha redieta chotopa, pampu ya madzi, kapena thermostat yomwe yakakamira yotseka. Yokakamirayo imafuna kusinthidwa ndi ina, osati kusiya dzenje.

Kuyesa kwake: ilizeni ili yozizira, gwirani paipi yapamwamba ya redieta mosamala. Iyenera kukhala yozizira kwa mphindi zingapo, kenako itenthe injini ikafika pake. Ikayamba kufunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, thermostat mulibe kapena yakakamira yotsegula. Onaninso fani: ngati ikuzungulira mukangoliza m'mawa AC ili yozimitsa, mwina wina anailumikiza mwachindunji ku magetsi, ndipo amene amachita zimenezi nthawi zambiri ndi yemwenso amachotsa thermostat. Chivindikiro cha redieta musatsegule injini ili yotentha, madzi ake amasupula khungu. Ndipo thirani coolant, madzi a mankhwala oziziritsa injini, osati madzi a pa mjigo okha, omwe amasiya dzimbiri ndi miyala m'kati.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: iikeni pa makina

Ngati nyali ya check engine yayaka, musaimate ndi tepi. Ikamaphethira, ndiye kuti injini ikumisa kwambiri ndipo mafuta osapsa akuotcha catalytic converter, chida cha mu ekizozi choyeretsa utsi: chepetsani liwiro, kakonzeni msanga. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya OBD, polumikizira makina owerenga mavuto omwe kompyuta ya galimoto yaona. Kachipangizo kotchipa ka ELM327 kamalowa m'soketimo n'kulumikizana ndi foni pa Bluetooth, ngakhale galimoto zina zakale zopangidwira msika wa ku Japan zimakana, zimafuna makina a ku galaja.

Lembani manambala a mavuto omwe makinawo aonetsa asanafufutidwe. P0300 mpaka P0304 ndi kumisa, ndipo nambala yomaliza, kuyambira 1 mpaka 4, ikunena silinda. P0171 ndi mpweya wochuluka kuposa mafuta, P0172 ndi mafuta ochuluka. P0505, P0506 ndi P0507 ndi za idling yeniyeniyo. P0128 ikunena kuti injini sikufika pa kutentha kwake. Nambala imaloza dera, osati chitsulo chogula. P0171 imatha kubwera chifukwa cha kapaipi kong'ambika, munthu n'kugula sensa ya okosijeni yodula pachabe. Kufufuta nambala si kukonza, ndipo amene wakulipiritsani kufufuta kokha wakudyerani.

Zonsezi zikakhala bwino koma vuto lilipobe, zotsala ndi ma injector opopera mafuta m'injini, pampu ya mafuta, vavu ya EGR yobweza utsi wina m'injini ndi kompuresheni ya m'masilinda, zomwe zimafuna zida. Muuzeni makaniko zonse zomwe mwayesa kale. Ndipo ngati vuto linayamba mutangothira mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa msewu, nenani zoona, chifukwa ena amakhala ndi madzi, ena osakaniza ndi parafini.

Gawo lomaliza: phazi lanu

Chizolowezi choliza galimoto kwa mphindi 15 m'mawa uku mukumwa tiyi chinachokera ku nthawi ya kabuleta ndi choko. Injini ya masiku ano imangofuna masekondi ngati 30 kuti oyilo azungulire, kenako nyamukani modekha, osaponda moto kwambiri mpaka itatentha. Imatentha msanga ikuyenda kuposa ili pabwalo. Kuiponda "vuu, vuu" ili yozizira, kapena musanazimitse madzulo, kulibe phindu lililonse.

Mukaona kuti muima kupitirira mphindi imodzi, kudikira mwana pa geti la sukulu, pa mzere wa mafuta, pa chipata cha Mwanza kapena Songwe, zimitsani. Kuliza kumatha mafuta ofanana ndi masekondi ochepa chabe a idling. Pa roboti ndi mumpanipani womwe ukusuntha pafupipafupi isiyeni ilire, pokhapokha ngati ili ndi dongosolo lodzizimitsa yokha, ngati i-stop ya Mazda. Zoterezi zimafuna batire lakelake, monga Q-85 kapena M-42, ndipo mukaika wamba dongosololi limasiya kugwira kapena batire limafa msanga. Ngati batire lanu ndi lofooka kale, konzani limenelo, osamaotcha petulo poopa kuti sidzaliranso. Ya turbo, makamaka ya dizilo, ipatseni mphindi imodzi musanazimitse ngati mwangochoka pa liwiro kapena pa chitunda. Koma dizilo wamakono wokhala ndi fyuluta ya utsi yotchedwa DPF, ngati Mazda CX-5, amadana ndi idling yaitali, fyulutayo imatsekeka.

Musagone m'galimoto injini ikulira m'galaja kapena pamalo otsekeka. Utsi wake uli ndi mpweya wakupha womwe sununkha, munthu amangogona osadzukanso.

Tsono nkhani ya kuika pa free. Pa Chiweta, pa Khwekhwerere kapena potsikira ku Chikwawa, madalaivala ena amachotsa giya poganiza kuti akupulumutsa mafuta. Pa galimoto ya ma injector zimakhala mosemphana. Mukasiya moto giya ili m'kati, matayala ndi omwe amazungulitsa injini, ndipo kompyuta imadula mafuta. Mukaika pa free, injini imabwerera pa idling n'kumamwa, ndipo katundu yense amagwera mabuleki, omwe amatentha n'kusiya kugwira. Kuzimitsiratu injini pa mtsetse ndiye kudziika m'manja mwa imfa: buleki imalimba mukaiponda kawiri kapena katatu, chiwongolero chimalemera.

Matayala ayezeni m'mawa asanatenthe, potsatira kapepala komata pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, osati nambala yolembedwa pa tayala kapena kumenya ndi phazi. Oyilo akhale amene buku likunena. Injini zambiri zazing'ono za ku Japan zimafuna 0W-20 kapena 5W-30, ndipo 20W-50 wokhuthala uja amazilemetsa. Tsitsani katundu wongoyenda naye m'buti, ndi keriyala ya padenga ngati simukuigwiritsa ntchito. Pa M1, kuyenda pa 80 kapena 90 mokhazikika kumatha mafuta ochepa kuposa kuthamanga pa 120 n'kumaponda buleki pa msika uliwonse.

Mukakonza chinthu, konzani chimodzi, kenako bwererani ku masamu a gawo loyamba kwa mathanki awiri, pa maulendo ofanana. Sabata ya mumpanipani wa ku Limbe musaiyerekeze ndi ulendo wa ku Mzuzu. Pa Probox ija, nditabwezera thermostat, kanyali kabuluu kanayamba kuzima ndisanafike pa msewu wa tala, ndipo sikanayakenso ku Dedza.